Tsiku Lija Ine ndi Matiyasi

Dominga mwana wanga,

Ndakhala pansi pa nimu uja wa kuseri kwa khola, dzuwa likuswa mtengo monga ulidziwira la kuno, ndipo ndazula mapepala pakati pa kope la kwaya kuti ndikulembere. Iwe wapita ku Bangula kukatsanzika anzako ndi kukalukitsa tsitsi loti likwane m'chipewa chanu chija. Mawa ubwerera ku kampu, sabata yamawa mukwera ndege ya ku Congo. Ukudziwa kuti ine pakamwa sipandivuta. Anzanga a pa mjigo amati mai a Zuze akayamba nkhani ndowa imasefukira iwo osaona. Koma nkhani iyi ndikati ndiyiyambe pamaso pako imandithawa, ndimangopezeka ndikukufunsa ngati walongedza sopo. N'chifukwa chake ndalemba. Kalatayi ndiyika pamwamba pa chikwama chako, osati m'kati. Uyiwerenge lero lomwe, usadikire za m'minibasi, chifukwa pali chimene ndikufuna uchite mawa usanafike pa siteji.

Ndiyambe ndi chimene chikukudya mumtima, chifukwa ndimachiona ngakhale sunena. Iwe umaganiza kuti bambo ako sakukufuna pa ntchito imeneyi, mwinanso kuti amachita nawe manyazi poti ndiwe mkazi wonyamula mfuti. Kalata yako yoyamba yochokera ku maphunziro a usilikali sanaitsegule, anangondipatsira ine. Tsiku limene unabwera kuno utavala yunifolomu koyamba, azimayi akuimba nthungululu mpaka agalu kuthawa, iwo anatenga khasu n'kupita kudimba osakupatsa ngakhale moni. Kuyambira pamenepo, zaka zinayi tsopano, mumangolankhulana za mvula ndi za mbuzi. Sindikufuna ukwere ndege utasenza bodza limenelo. Bambo ako akudwala, Dominga, ndipo anayamba kudwala iwe usanabadwe. Matenda awo ndi a m'maganizo. Anawatenga ku nkhondo, koma amene anawalera mpaka kukula chonchi ndine.

Inu ana mumangodziwa kuti bambo anu anali msilikali, ndi kuti anatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji nthawi ya nkhondo ya kumeneko. Mumadziwa zimenezo ndi chithunzi chija cha pakhoma, basi. Anapita ine ndili ndi pakati pa mchimwene wako Zuze, ndili kamtsikana kodziwa kuseka kuposa kuphika. Sungakhulupirire, koma munthu uja amakhala duu pakhondeyu anali wanthabwala wa mudzi wonse. Valimba ikalira ankavina mpaka fumbi kulowa m'mano. Ndinawakonda chifukwa cha phokoso lawo, ndipo phokosolo ndi limene silinabwerere kuchokera ku njanji.

Tsiku limene anabwera ndinalakwa powerenga ziwalo. Atatsika galimoto pa Bangula ndinayang'ana miyendo, iwiri. Manja, awiri. Maso, onse alipo. Ndinagwada pamsewu pomwepo kuthokoza Mulungu kuti wanga wabwera wamphumphu, pamene a anzanga ena anabwera m'mabokosi. Sindinafunse chifukwa chimene ankagonera atavala nsapato, kutentha kwa kuno konseku. Sindinafunse chifukwa chimene anasiyira benchi lathu ku tchalitchi n'kumakhala pafupi ndi khomo, msana atatsamira khoma. Chitseko chikamenyedwa ndi mphepo ankataya chimene agwira, kaya ndi kapu kaya ndi mwana wa nkhuku. Ine ndinkati ndi chizolowezi cha ku ntchito, chitha chokha. Iwe usakawerenge ziwalo zokha, mwana wanga, zako kapena za anzako. Tulo tikakuthawa masabata, chakudya chikasiya kukoma, ukayamba kupsa mtima ndi supuni yoti yangogwa, ukamaona chinthu chimodzimodzi nthawi iliyonse ukatseka maso, udziwe kuti wavulala. Wavulala monga amavulalira munthu mwendo, kungoti magazi sakuoneka. Ukapite kwa dokotala wa gulu lanu tsiku lomwelo, usakadikire kuti uone ngati chitha chokha.

China chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero ndi kuseka. Masana ena ana a pafupi ankagenda mbalame, mwala n'kugwera padenga la malata la sitolo ya pamsewu. Bambo ako, mwamuna wamtali uja, ndinangoona alowa pansi pa ngolo chafufumimba, manja ataphimba mutu. Ndinaseka mpaka misozi. Kuseka kokhako kukanakhala bwino, koma pakamwa pangapa sipasunga kanthu, madzulo ake nkhani inali itafika pa mjigo. Pofika Lamlungu amuna a pa bawo anali atawapatsa dzina loti Bisalani. Dzinalo linakakamira. Anasiya kupita ku bawo, anasiya kupita ku valimba, kenako anasiya kupita kulikonse kumene kuli anthu oposa atatu. Akuluakulu amati wamisala anaona nkhondo, kutichenjeza kuti ngakhale munthu amene tikumuseka tizimumvera. Ife mwambiwo timaudziwa tonse, koma tinaseka osamvera. Ndimamva mmene mumatchulirana mayina ku kampu kwanuko, iwenso unabwera nalo lako loti Nyakoko. Zosekana sindikuletsa, msilikali wosaseka sangapirire. Koma mnzako akadzidzimuka pa chinthu chopanda pake, akabisala poti palibe woomba mfuti, usakhale iwe woyamba kuseka. Ukakhale naye pansi pomwepo mpaka kunjenjemera kuthe, ndipo nkhaniyo isakafike pa mjigo wanu.

Tsopano ndifike pa chachikulu, ndipo uwerenge mofatsa. Abale ataona mmene zinthu zinalili anakhala pansi n'kugwirizana kuti munthuyu wabwera ndi mzimu wa wina wofera ku nkhondo. Sanayambe okha zimenezi. Abale athu a kutsidya, amene nthawi imeneyo anadzaza kuno pothawa nkhondo yomweyo, ankatero ndi ana awo onse obwera kutchire: asanalowe bwino m'mudzi ankayamba awasambitsa. Tinapita nawo kwa ang'anga ena okalamba a m'mbali mwa Shire. Anawameta mpala. Malaya ndi buluku zimene anabwera nazo anazitentha pamchenga. Anawalowetsa m'madzi mpaka m'chiuno atayang'ana kumene madzi akupita, n'kuwasambitsa ndi mankhwala kuyambira kumutu. Potuluka anawauza kuti ayende mpaka kunyumba osacheuka. Kunyumba tinadya tonse m'mbale imodzi, akulu ndi ana, kusonyeza kuti munthuyu ndi wathu ndipo palibe womuopa.

Sindikunyoza mwambo umenewu, ndipo iwenso usaunyoze. Unathandiza. Mwezi wathunthu bambo ako anagona atavula nsapato. Abale amene ankawazemba anayambanso kuwapatsa ana kuti anyamule. Chimene chinatipweteka ndi lamulo limene ang'anga anatipatsa pomaliza. Anati, "Zimene unaona zapita ndi madzi. Ukadzazitchula, waziitana. Ndipo zikadzabwera sizidzafikira iwe, zidzalowa mwa ana." Kenako anatembenukira kwa ine, Zuze ali kumbuyo kwanga, n'kunena kuti, "Imwe mai, mlonda wa pakamwa pawo ndimwe."

Dominga, pa ntchito zonse zimene ndinapatsidwa pa moyo wanga, palibe imene ndinaigwira mokhulupirika ngati imeneyo. Patapita miyezi iwiri tikutola thonje, bambo ako anaima pakati pa mzere n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mai a Zuze, tsiku lija ine ndi Matiyasi..." Ndinati, "Matamani, baba a Zuze. Mwaiwala zimene ananena ang'anga? Mukufuna zilowe mwa mwana?" Anakhaladi chete, n'kupitiriza kutola thonje. Ine ndinadziona ngati mkazi wanzeru amene wapulumutsa banja. Matiyasi sindinkamudziwa. M'mutu mwanga ndinangoti ameneyo ndiye mzimu uja, mwina munthu amene anamupha, ndipo dzina lake lisamveke pakhomo panga. Zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikudziwa mawu asanu okha a nkhani ya mwamuna wanga: tsiku lija ine ndi Matiyasi. Akafika pamenepo ndinkawadula.

Usilikali anausiya okha, ndipo tinasamukira ku esiteti ya nzimbe kumene anapeza ntchito ya ulonda. Ndinasangalala, ndinati kulondera nzimbe ndi mpumulo kwa munthu amene analondera njanji. Ndinaiwala kuti nzimbe asanazidule amayamba azitentha. Iwe unauonapo moto umenewo, utsi kuda bii, phulusa kugwa m'mbale, masamba kuthetheka ngati anthu akuomberana. Tsiku loyamba kutentha munda wa pafupi ndi pamene ankalondera, anasowa. Odula nzimbe anakawapeza m'ngalande yothirira, matope mpaka m'khosi, ndodo yawo ataigwira ngati mfuti. Akapitawo awo anali munthu wabwino. Anabwera kunyumba n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mayi, kodi zimenezi zinayamba zawachitikirapo? Tiwatumize ku chipatala akawaone." Ine ndinayankha osaphethira kuti ndi malungo chabe, anakwera kumutu. Ndinaopa kuti akamva zoti mutu ukuvuta awachotsa ntchito. Ntchitoyo anaisiyabe okha sabata yachitatu, pamene anatentha munda wina, ndipo chipatala chija tinachiphonya. Ndikudziwa kuti kwanuko mantha ake ndi omwewo. Mumaopa kuti ukanena zoti maganizo akuvuta akulanda mfuti, akubweza kumudzi, anzako akwezedwa iwe utsala. Mwina zingatero, sindikunamiza. Koma ine ndinabisa matenda kuti ndisunge ntchito, ndipo ndinataya ntchito n'kutsala ndi matenda. Dokotala kapena mkulu wako akakakufunsa, ukanene zoona.

Za kachasu umazikumbuka, unali utayamba kuzindikira pamene ankasiya. Chimene sudziwa n'chakuti woyambitsa ndinali ine. Titabwerera kuno maloto anabweranso, kubuula ndi thukuta, ndipo mnzanga wina wotcheza kachasu wa masawu anandinong'oneza kuti kakapu kamodzi kamagonetsa. Kanagonetsadi. Ndinkakatenga ndekha m'botolo lobisa m'chitenje, ine mayi wa kwaya. Kakapu kanasanduka makapu awiri, kenako botolo, kenako sanafunenso kuti ndiziwatengera. Maloto sanachoke, anangophunzira kubwera masana. Kumene ukupitako kudzakhala anzako okuuza kuti mowa kapena chamba chimachotsa maganizo, ndipo adzakuuza mwachikondi monga anandiuzira ine mnzanga uja. Tsiku limene udzamwe kuti ugone, osati kuti usangalale ndi anzako, udzakumbukire botolo la m'chitenje mwanga.

Ichi chotsatira sindinauzepo munthu, ngakhale Zuze. Iwe unali ndi miyezi isanu ndi itatu. Mwadzidzidzi bambo ako anafatsa. Anasiya kukalipa, anafolera denga, ananola makasu onse, anamanganso khola. Wailesi yawo anapatsa Zuze, jekete la ku tchalitchi anapatsa mng'ono wawo. Ine ndinapita kukathokoza ku mapemphero kuti mwamuna wanga wachira. Lachisanu lake msodzi wina anabwera nawo pakhomo atawagwira dzanja. Anawapeza okha pakati pa Shire m'mwadiya wobwereka, nkhafi ataiponya m'madzi, bwato likungopita nawo. Msodziyo anangoti, "Mai, munthuyu musamusiye yekha." Bambo ako anangonena mawu amodzi, "Ndatopa." Ndikanalera iwe wopanda bambo chifukwa choti ndinaona munthu akutsanzika ine n'kumati wachira. Ndiye umve, mwana wanga. Mnzako amene wakhala akuvutika akangofatsa mwadzidzidzi, akayamba kugawa zinthu zake, akamanena kuti watopa kapena kuti anthu apumula iye akachoka, usamusiye yekha ngakhale ola limodzi. Umufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Ukawauze akuluakulu anu ngakhale atakulumbiritsa kuti usanene, chifukwa inu mumagona ndi mfuti pambali. Akakwiya nawe akwiye, wokwiya amakhala ali moyo. Ndipo maganizo amenewo akadzafika mwa iwe, ukauze munthu tsiku lomwelo.

Apo ndiye tinapita ku chipatala cha ku boma. Tinapeza mayi wina dokotala woona za maganizo, wolankhula pang'onopang'ono. Anatiuza kuti matendawa ndi odziwika, amagwira asilikali ndi anthu ena amene anaona zoopsa, ndipo si misala, si ufiti, si mantha a munthu wofooka. Anawapatsa mankhwala, ndipo mankhwalawo anathandiza. Ndi amene anawachotsa pang'onopang'ono ku kachasu, ndipo ulendo uja amati akupita ku boma kukaona za mbewu amakhala akupita komweko. Koma potuluka mayi uja anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mankhwala okha sakwanira. Akafuna kulankhula kunyumba, muziwamvetsera." Ndinavomera ndi mutu. Panjira ndinamva kutentha kwa thupi lako kumsana kwanga, ndinakumbukira mawu a ang'anga, ndipo ndinasankha. Malamulo anali awiri, ine ndinatenga limene linkati likuteteza iwe. Anayesanso, bambo ako. Anayesa chaka cha madzi osefukira tili pa sukulu pothawira, anayesa tsiku limene Zuze anakwatira, anayesa nthawi zina zimene sindinaziwerenge. Nthawi zonse ndinkati matamani. Ngakhale kwa dokotala uja, andiuza posachedwapa, ankangonena za tulo, chifukwa nawonso ankaopera inu.

Ndiye ubwerere ku tsiku lija la yunifolomu. Pamene iwe unkajambulitsa ndi anzako, ine ndinawatsatira kudimba. Ndinawapeza atakhala pakati pa chimanga, akunjenjemera, atasanza. Fungo la polishi wa jombo zako ndi limene linawagwetsa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wakongola mwana wathu, mai a Zuze. Koma sindingathe kumuyang'ana." Ndinayenera kukuuza tsiku lomwelo. Sindinakuuze chifukwa ukanafunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo yankho lake linali m'nkhani yoletsedwa ija. Ndinakusiya upite ukuganiza kuti bambo ako akukana. Chithunzi chako cha tsiku lomaliza maphunziro chili m'buku lawo la nyimbo, ukafuna ukaone, m'mbali mwake mwachita kuda ndi zala.

Lolemba lapitali, utatiuza za Congo, tinapita awiri kudimba kukakumba mbatata. Tinakumba mizere iwiri. Kenako anaimika khasu, n'kuyamba monga mwa kale, "Mai a Zuze, tsiku lija ine ndi Matiyasi..." Pakamwa panga panatseguka pokha, theka la mawu aja linatuluka. Pomwepo ndinaganiza: kodi ine ndakhala ndikuteteza chiyani? Ndinatseka munthu pakamwa zaka zonsezi kuti nkhondo isalowe mwa ana, ndipo mwana wanga akupita ku nkhondo sabata yamawa. Ndinakumbukira mmene munakulira inu, kuyenda monyang'ama m'nyumba mwanu momwe, Zuze kukhala munthu wosatha kunena chimene chikumupweteka. Zinali zitalowa kale mwa ana, ndipo khomo lake linali chete wanga yemweyo. Ndinatenga nsonga ya chitenje n'kuiluma. Bambo ako anandiyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuti ndiwadule. Ataona kuti sindikuwadula, anakhala pansi pamzere n'kupitiriza.

Matiyasi sanali mzimu, sanalinso mdani. Anali mnzawo wa ku Rumphi, wamfupi, wokonda tsabola, amene ankafunda naye bulangete limodzi. Iye ankawaphunzitsa Chitumbuka, iwo ankamuphunzitsa kutukwana m'Chisena. Tsiku limenelo sitima inabwera ndi makalata, ndipo pakati pake panali yanga, imene ndinalemba kuwauza kuti ndachira, mwana wabadwa. Inali nthawi ya bambo ako yopita kukatunga madzi kumtsinje wa kunsi kwa mlatho. Matiyasi anawalanda zigubu n'kunena kuti, "Khala uwerenge kalata ya alamu, ndipita ine. Ndikabwera undiuze ngati ndi mwamuna." Panjira ya kumtsinjeyo panali patakwiriridwa bomba. Litaphulika kuomberana kunayamba, udzu wouma unagwira moto, ndipo palibe amene anatha kutsikirako. Bambo ako anagona pansi kalata yanga ili m'manja, akumva moto ukuthetheka ndi Matiyasi akuitana. "Sankaitana amake," anatero. "Ankaitana ine, kwa nthawi yaitali. Ndipo sanamve n'komwe kuti ndi mwamuna."

Kalata yanga. Zaka zonsezi ndinkawaseka kuti asilikali a kale sukulu inawathawa, poti kalata iliyonse ikabwera ankandipatsa ine kuti nditsegule, yakonso ija. Ndinalira, ndinati, "Ndiye kuti mnzanuyo ndinamupha ndine." Bambo ako anati, "Ayi, mai a Zuze. Inu munangolemba kuti mwana wabadwa." Kenako anapitiriza kuti, "Inenso ndinangokhala pansi kuwerenga. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti ndinamupha ndine. Koma pomva inu mukunena, ndamva kuti si zoona. Anamupha ndi amene anakwirira bomba." Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, anthu awiri aimvi kulira pakati pa mbatata. Pobwera kunyumba ndinayang'ana paliponse, sindikubisira. Mbuzi zinali bwino, iwe unali pakhonde ukuseka pa foni, palibe chimene chinatitsatira.

Sindikuti achira. Matenda a zaka makumi atatu satha ndi kucheza kwa tsiku limodzi, ndipo mankhwala akumwabe. Analotanso Lachiwiri. Koma m'mawa anandiuza zimene analota, ine n'kumvetsera, ndipo anati ulendo wotsatira wa ku boma akamuuza dokotala za Matiyasi. Dzulo ndinawamva akung'ung'udza nyimbo pokonza msampha wa makoswe, mawu ake achilendo, ndikuganiza ndi Chitumbuka.

Iwenso ukapeza Matiyasi wako kumeneko, wofunda naye bulangete limodzi. Umukonde, usaope. Mudzasinthana maulendo, mudzasinthana malo m'galimoto, ndi mmene anthu amakhalira. Chikadzachitika choipa, Mulungu aletse, usadzasenze mlandu wa amene anakwirira bomba. Ndipo usadzadikire zaka makumi atatu kuti umve munthu wina akukuuza zimenezi. Upemphere, abusa a gulu lanu uziwaona, koma dokotala usamuzembe, nzeru zakezo anamupatsa ndi Mulungu yemweyo. Ukaimba foni usamangoti tili bwino mai, monga umachitira. Ndikudziwa kuti za ntchito zina simuloledwa kunena, sindikufunsa kuti muli phiri liti. Ndikufunsa ngati ukugona. Ukanama ndidzamva, ndinakubereka ndine.

Ukadzabwera, abale adzafuna kukusambitsa. Azakhali ako ayamba kale kunong'ona. Ngati iwe udzafune, sindidzakaniza, madzi a Shire ndi athu ndipo kudya m'mbale imodzi n'kwabwino. Koma aliyense amene adzanene kuti zimene waona usazitchule adzayamba wakumana ndi ine, ndipo ukudziwa mmene ndimalankhulira. Udzanena kamodzi, udzanena kakhumi, udzanena tikupalira, udzanena pakati pa chakudya. Ndikadzaona kuti zikundilemera ndidzaluma chitenje, koma sindidzakudula. Undikhululukire, Dominga, chifukwa cha bambo amene ndinakubisira. Ndinkaganiza kuti ndikukutchinjiriza.

M'mawa uno ndinawauza kuti ndikufuna kukulembera zonsezi. Ndinaopa kutchula kalata pamaso pawo. Anati, "Lembani zonse, musasiye kanthu. Ndikufuna ndimuuze ndekha, koma mwina pakamwa pakandikanika panjira, ndiye akhale atadziwa kale." Wakabaza uja unapangana naye kuti akakutule pa siteji bambo ako amubweza, akuti akuperekeza okha. Pamene ndikulemba pano ali pakhonde atatembenuza njinga, akupopa matayala ndi kumanga kansalu pa kaliyala kuti usadetse yunifolomu. Inde, akuti uvale yunifolomu. Afunsanso ngati jombo wapolisha kale, kuti fungo likhale litachepa pofika mawa.

Munyamuke kusanatenthe. Njira ya ku Bangula ndi yaitali mokwanira. Mwina adzangopalasa osanena kanthu, ndipo zikatero ungogwira malaya awo, nazonso n'zokwanira. Koma ukadzamva njinga ikuchepa liwiro, iwo n'kuyamba kuti tsiku lija ine ndi Matiyasi, usayang'ane wotchi, usanene kuti ndawerenga kale. Mutsike, mukhale pansi m'mbali mwa msewu, uwasiye afike mpaka kumapeto. Minibasi za ku Blantyre sizitha pa Bangula, ikakusiya ina ibwera ina.

Upite bwino, ubwere ndi zonse zimene ukaone, tidzasenzera limodzi.

Ndine mai ako,
Luwiza